Thiraka ya pa Jenereta

Tsiku lomaliza limene Profesa anamuona mlongo wake ali moyo, mlongoyo anali pa benchi m'shopu, miyendo yotupa ataisanjika pa katoni, laputopu ili pamaondo. Ankatchera mathiraka, tizipangizo tija timabisidwa m'katundu kuti mwini wake aziona pa foni pamene katunduyo ali.

"Profesa, ya pa njinga yamoto timaitchera bwanji?"

Dzinali anamupatsa ndi mlongo wakeyo, iye atasiya koleji kuti adzagwire shopu matenda a mlongoyo atakula. Wina akamuitana choncho ankakukuta mano.

"Izinena pamene ili pafupipafupi. Njinga ikagwedezeka injini ili yozima, ilize foni."

"Ya pa ng'ombe?"

"Mwa apo ndi apo, batire lisathe msanga."

"Ndiye kukoleji unkatolako chiyani, poti zonsezi ndakuphunzitsa ndine?"

Mlongoyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamutuma kukamangirira thiraka pa lole ina kutali. Pobwerako Profesa anapeza shopu yotseka, ndipo mayi wogulitsa nsapato pafupi atamuona anayang'ana pansi.

Maliro atatha, makasitomala anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Ena ankapepesa kaye, ena ankangosiya kuyankha foni. Wamkulu amene anatsala anali bambo wina wobwereketsa njinga zamoto ndi majenereta. Ameneyu akanachoka, shopu ikanatsekedwa. Mmawa wina bamboyo anaimba: "Bwera udzachotse zinyalala zanuzi."

Profesa anawapeza pabwalo la ntchito ataimirira pafupi ndi jenereta yaikulu, makaniko wawo ali pambali akupukuta manja ndi chisanza.

"Sindifuna kunena zoipa za malemu," anatero bamboyo, "koma mlongo wako anandinamiza. Jenereta iyi akangoiliza, foni yanga ikuti yabedwa. Loweruka ndinathamangira ku ukwati wa eni ake ndi anyamata anga, zibonga zili m'manja. Tinapeza jenereta ikugwira ntchito, anthu akuvina. Mkwati anandifunsa ngati ndine wa kuchikazi."

Makaniko anatembenuka kuti abise kuseka.

Profesa anagona chagada pa simenti n'kusuzumira pansi pa jeneretayo. Thiraka inali yomangidwa ndi waya wa dzimbiri, yopendekeka, pamalo oti ngakhale mbava yakhungu ikanaikhudza. Mlongo wake sankamanga ndi waya. Ankabisa thiraka mpaka iye mwini kuifufuza ndi tochi.

Profesa analumikiza thirakayo ku laputopu n'kutembenuzira bamboyo kuti awerenge okha.

"Apa palembedwa kuti njinga yamoto yofiira. Ili kuti njingayo?"

Bamboyo anayang'ana makaniko. Makaniko anayang'ana chisanza chake.

"Ija inagunda mtengo ija, bwana. Munati thiraka isaonongeke, ndiichotse ndiimange apa."

"Thiraka ndi thiraka basi," anatero bamboyo, koma mawu anali atatsika.

"Ayi, bambo. Imeneyi asisi anaiuza kuti izilondera njinga. Njinga ikanjenjemera injini ili yozima, ndiye kuti wina akuikankha. Tsono waya wa ku injini sunalumikizidwe, ndipo jenereta ntchito yake ndi kunjenjemera. Thirakayi ikuchita zimene inauzidwa, ndipo ikuchita bwino kwambiri. Umboni ndi ukwati uja."

"Ingakonzeke?"

"Ingakonzeke. Koma muyambe mwabweza mawu aja."

Profesa ankadziwa kuti akuseweretsa kasitomala womaliza. Bamboyo anavula chipewa.

"Malemu sanandinamize. Tinalakwa ndife, ine ndi makaniko uyu."

"Ine ndimangomanga zimene ndauzidwa," anatero makaniko.

"Iwe khala chete."

Profesa anakhala pa tayala n'kuyamba kutchera. Anaiuza thiraka kuti kunjenjemera si kuba. Anajambula mpanda pa mapu, n'kuonetsa bamboyo mmene angausunthire kulikonse kumene jenereta yabwerekedwa, kuti foni izilira pokhapokha jeneretayo ikatuluka mumpandamo. Anachepetsanso kalankhulidwe kake, poti chinthu chongokhala malo amodzi sichifunika kudzitchula mphindi iliyonse. Zala zake zinkayenda zokha, ndipo bamboyo ankagwedeza mutu ngati munthu amene akumva zonse.

"Majenereta enawa alibe," anatero bamboyo. "Ubwere nawo mathiraka. Ndi a mapampu anga a madzi omwe."

Panatsala kungodina kuti zatsopanozo zisungidwe. Pansi penipeni panali kamzere kakang'ono kosonyeza amene anatchera thirakayo komaliza: dzina la mlongo wake, ndi tsiku limene anaitchera. Akadina, kamzereko kakanafufutika. Anakayang'ana, chala chili m'mwamba.

"Netiweki yathawa?" anafunsa makaniko.

"Ilipo."

Anadina. Kamzereko kanazimiririka pang'ono, n'kubweranso ndi dzina la iye mwini, ndi tsiku latsopano.

Lachinayi, pa 14 Ogasiti 2025.