Nthenga ya Nkhuku m'Kabokosi Kapamwamba

Nkhaniyi anandiuza ndi wometa wina, lumo lili pakhosi panga, moti sindikanatha kumutsutsa.

Akuti telala wina wokalamba anayambana ndi mwana wake wamwamuna. Mwanayo anachoka atasenza makina osokera akale a bambo ake, foni osayankhanso. Pakhomo panatsala mlongo wake. Ntchito ya mlongoyu inali yolembera masitolo mayankho pa intaneti, kuti munthu akafunsa funso pa foni, yankho lawo lizitulukira pamwamba penipeni, m'kabokosi kakekake.

Tsiku lina mdala anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"Mlongo wako uja chilichonse amafunsa foni, eti? Makina aja nyengo ino amadula ulusi. Afunsa basi. Undiike m'kabokosi kakoko."

"Ababa, kabokosiko sagula. Kamatola yankho lalifupi, lolunjika. Nanga inu mukati mufotokoze mumayambira kwa agogo anu."

"Ndiye uzidula."

Mdala ankayankhula, mwana akudula. Anadula za tsiku limene anagula makinawo. Anadula miyambi yonse. Funso analiika pamutu, pansi pake timizere tochepa: chotsani singano, tulutsani bobini, pukutani fumbi ndi nthenga ya nkhuku.

"Masiku ano anthu amapukuta ndi kaburashi, ababa."

"Zonse wandidula, mayi. Nthengayo isiye. Ndi imene ndinamuphunzitsira."

Anaisiya, ngakhale mumtima ankaopa kuti iwagwetsa.

M'mawa uliwonse mdala ankasuzumira pakhomo. "Takwera?"

"Tikadali pansi pa anzathu."

"Ayi, pamzere sakankhana."

Kenaka analeka kufunsa. Koma mwana wamkaziyo ankaona kuti pakona pamene pankakhala makina paja pakusesedwa tsiku ndi tsiku, pokhapo m'chipinda chonse. Ankabwerera pakompyuta, n'kufupikitsanso chiganizo china.

M'mawa wina yankho lija linatulukira pamwamba, nthenga yake ili pomwepo. Mdala anavala magalasi, n'kuwerenga ndi chala ngati akutsata msoko.

Mwezi usanathe kunamveka odi. Anali mwana wamwamuna uja, makina ali paphewa, maso ali pansi.

"Akudula ulusi," anatero.

"Nthenga unayesa?"

"Kumene ndikukhalako kulibe nkhuku."

Mdala anaika makina pakona paja, n'kulowetsa nsalu, n'kupukusa gudumu ndi dzanja. Nsalu inayenda kuchokera uku mpaka uko, ulusi osaduka ngakhale kamodzi. Mwana wamkazi uja anaona, n'kuluma mlomo.

"Iii, awonongekadi," anatero mdala, akusisita msoko wosalalawo. "Awa si a lero ayi. Mayi, tamuyalira pogona."

Wometa uja analumbira kuti mwanayo anabwera chifukwa choona nthengayo pa foni. Ine ndayenda, ndipo ndamva zambiri. Ndikukayika. Ndimaganiza kuti mlongo wake anangomulembera kuti ababa akusesa pakona.