Anamubisa M'chigafa

Gladness, mtsikana wa sitandade 8, anayamba kusanza chakumasana. Mutu unkamuwawa, ndipo akaimirira ankachita chizungulire. Sukulu zinali zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa Korona, choncho bambo ake, a Moffat, ankamutenga m'mamawa uliwonse kukathyola fodya mame asanakamuke. Banjali linali la matenanti pa esiteti ina ku Santhe.

"Ameneyu ndi Korona basi," a Moffat ananong'oneza akazi awo. "Akapitawo akamva atithamangitsa fodya tisanagulitse. Tilowera kuti?"

Mantha ndi oipa ndithu. Anamuyalira mphasa m'chigafa, pansi pa fodya wongopachika kumene, namuletsa kutuluka. Chakudya ankangomusiyira pakhomo ngati galu. Anzake akabwera, amayi ankanama kuti wapita kumudzi. Gladness ankangolira yekhayekha mpaka anasiya kudya.

Tsiku lina mayi Lefina, mlangizi wa zaumoyo, akuyenda m'makomo kuphunzitsa za kusamba m'manja, anamva kubuula m'chigafamo. Anavala masiki n'kulowa. Anapeza mwanayo milomo itauma gwa.

"Ndisiyeni ndife," anatero Gladness. "Ngakhale amayi anga akuopa kundikhudza."

Mayi Lefina anatuluka mtima ukuwawa.

"Bambo a Gladness, mwana si fodya woti muumitse m'chigafa! Kaya ndi Korona kaya ayi, akadziwe ndi achipatala. Itanani kabaza pompano."

A Moffat anathamanga kukaitana kabaza.

Kuchipatala anamuyeza ndipo Korona sanamupeze. Adokotala anati fodya wamuwisi akanyowa, poizoni wake amalowa pakhungu, ndipo ana ndi amene amadwala msanga. Kumugoneka pansi pa fodya kuja kunangowonjezera matendawo. Anamuika diripi. Amayi ake anamugwira dzanja akulira.

Thupi linachira msanga, koma mtima unachedwa. Mayi Lefina analangiza makolowo kuti azikhala naye pansi, azimufunsa zakukhosi, ndiponso azilola anzake kudzacheza naye panja motalikirana. A Moffat anapepesa mwana wawo ndipo sanamutengenso ku fodya. Sukulu zitatsegulidwa, Gladness anabwerera m'kalasi akuseka.

Makolo, mliri ukabuka ana athu amavutika m'thupi ndi mumtima momwe. Sukulu zikatsekedwa musawagwiritse ntchito ya fodya. Mwana akadwala musamubise. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo musamusiye yekha.