Khoma la a Geresomo

Andrea anayala pepala pamiyendo ya amayi ake, nabwerera m'mbuyo pang'ono monga ankachitira ku ofesi ya njanji ku Port Herald mzungu akamaona ntchito yake. Papepalapo panali nkhope ya bambo ake, a Geresomo, amene anali atagona m'manda masiku anayi. Anaijambula ndi pensulo, osaiwala ngakhale chipsera cha mbedza pachibwano.

Mayi Otilia anayang'ana nthawi yaitali.

"Mphunoyi ndi yawodi," anatero. "Makutunso ndi awo. Koma mwananga, eni akewo ali kuti?"

Andrea anamva ngati amuponda pachilonda. Zaka zisanu ndi ziwiri akujambula milatho ndi zitsulo za sitima, azungu akumuyamika kuti dzanja lake silinama, lero amayi ake omwe akuti palibe munthu!

"Ukawafuna, lowa m'nyumbamo," anatero mayiyo. "Koma ufulumire. Mawa tikameta, nyumba igwa."

Unali mwambo, ndipo a Symon, mng'ono wa malemu, anali atanola kale nkhwangwa. Nyumba ya wakufa siisiyidwa chiimire.

Andrea analowa monyinyirika. Khoma la m'katimo ankalidziwa, ndipo kunena zoona ankachita nalo manyazi. Bambo ake, msodzi wa m'dambo la kufupi ndi Chiromo, akabwera kumadzi ankakanda katondo, makande ndi phulusa, n'kumapaka pakhoma ndi zala. Sizinali nsomba, sizinali anthu. Inali mizere yokhotakhota basi, madontho, ndi zozungulira zimene zinkamezana. Tsiku lina, atangoyamba ntchito, Andrea anawauza pamaso kuti, "Bambo, izi ngakhale nkhuku ikhoza kupalasa." Iwo anangoseka, koma kuyambira pamenepo sanamuitanirenso m'nyumbamo. Mawu amenewo ndiwo anali kumudya tsopano.

Anakhala pamphasa n'kuyamba kukopera khomalo papepala, kuti kanthu kena katsale. Koma diso lake linazolowera kufunafuna chinthu. Apa ankati wapeza mchira wa ng'ona, mzerewo n'kumuthawa, kusanduka utsi. Apo ankati ndi bwato, bwatolo n'kusungunuka. Kutentha kwa m'chigwa kunamulemeretsa zikope, mizere ija n'kumayandama pang'onopang'ono ngati udzu wotengedwa ndi Shire. Anakumbukira nyuzipepala imene mzungu wa kuntchito anamuonetsa akuseka chikhakhali: ati ku Ulaya kwabuka amisiri ena amene atopa ndi kujambula nkhope ndi mitengo, poti makina ojambulira akuchita kale zimenezo, ndiye angoyamba kupaka mitundu ndi mizere yokhayokha. Tsiku limenelo Andrea anaseka nawo. Lero kuseka kunalibe poyambira.

"Amayi," anaitana, "kodi ichi n'chiyani kwenikweni?"

Mayi Otilia anaima pakhomo. "Inenso ndinawafunsapo choncho bambo akowo ndili mtsikana. Anandiyankha kuti, 'Iwe, ng'oma ikamalira umafunsa kuti ikufanana ndi nyama yanji?'"

Kutacha anthu anameta. Dzuwa litakwera, a Symon anafika ndi nkhwangwa paphewa, mutu uli mbee.

"Bambo aang'ono, ndipatseniko tsiku limodzi lokha," anapempha Andrea. "Sindinamalize."

"Nkhabe," anakana m'Chisena a Symon. "Mwambo sudikira pensulo." Anasuzumira papepala la Andrea, napukusa mutu. "Ha! Ndiye wakhala ukujambula khoma louma? Sukulu yonse ija! Mlamu, tandipatsani madzi."

Mayi Otilia anabweretsa mtsuko. A Symon anatunga ndi chikho, namwaza madziwo pakhoma ndi dzanja, pang'onopang'ono, kuyambira kumwamba.

Mayo ine! Khoma limene linali lotuwa linadzuka. Katondo anafiira kuti psuu, makande anada kuti bii, ndipo pansi pa mizere ija panatuluka ina imene Andrea sanaione n'komwe, yopyapyala, yonjenjemera. Zonse zinayamba kuyenda. Munalibe ng'ona, munalibe bwato, komabe Andrea anamva pansi pakugwedezeka monga muja bwato limachitira ukangoliponda. Anamva kuzizira kwa nkhungu ya m'dambo, ndi chisoni chija chimene chimamugwira munthu popanda chifukwa akakhala yekha pakati pa madzi. Bambo ake anali momwemo, athunthu. Misozi inangotsika yokha.

"Achimwene ankati maso amangoona chikopa cha zinthu," anatero a Symon, mawu atatsika. "Iwo ankapaka zimene zimatsala m'chifuwa ukatsinzina. Ine ndinkawanena kuti ndi amisala. Koma akamwaza madzi chonchi, ndinkaiwala kupita kwathu."

Anapitiriza kumwaza mpaka pafupi ndi chitseko. Pamenepo madzi anagwera pamalo opanda kanthu, aakulu ngati lichero, osalala bwino. Mizere yonse inkafika m'mphepete mwake n'kukhota, kuwalambalala.

"Apa utoto unawathera?" anafunsa Andrea.

"Unawathera kuti, katondo ali mbwee kuseriku?" anayankha amayi ake. "Chaka chilichonse ankapazira mwatsopano, osalola munthu kupakhudza. Ankati, 'Apa ndi pa Andrea. Mwana uja ali ndi dzanja kuposa ine. Akadzatopa ndi milatho adzabwera.'"

Andrea anayang'ana pansi. Khoma linali litayamba kale kuuma kumwamba, mitundu ikubwerera m'tulo take. Pangodya panali phale la katondo wouma, mmene munatsalira zidindo za zala za bambo ake. Anathiramo madzi otsala m'chikho, nakanda, napisamo zala zake.

A Symon anayang'ana nkhwangwa yawo, nayang'ana mlamu wawo. Kenaka anaitsamiritsa panja nkhwangwayo, nakhala pansi pakhomo.

"Dzuwa likadalipo," anatero. "Paka, mwanawe."