Njinga Ziwiri Kupita kwa Mwape

Amayi atamwalira, amalume a Stanislaus anatumiza mawu kuchokera kwa Mwape kuti ana a mlongo wawo abwerere kwawo. Anawo tinali ine ndi mlongo wanga Jordan, amene anali asanayambe n'komwe sukulu. Atate, a Kalaluka, anali munthu wa mtundu wa Alozi amene anabwera ku Petauke kudzaphunzitsa, ndipo zoti mwana ndi wa kuchikazi sizinkawalowa m'mutu. Anavomera kukationetsa kokha. Amalume anati palibe vuto, ana akaona mudzi adzasankha okha kokhala.

Mabasi a ku Nyimba analipo mbwee, koma atate anatulutsa njinga ziwiri, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nzeru zawo ndinkazidziwa, poti ndinawamva akuuza mphunzitsi mnzawo: tivutike panjira, tidane nawo mudziwo tisanauone, tiwachonderere kubwerera. Ine zowasiya sindinkazifuna m'pang'ono pomwe, ndipo zinandiwawa kuti ankatitchera msampha ngati mbewa.

Pa tala zinali bwinoko. Jordan ankaimba pa kaliyala ya atate, ine ndikupalasa pambuyo. Titapatuka ku Nyimba kulunjika kuchigwa cha Luangwa, nyimbo zinatha. Mitsinje yonse inali mchenga wokhawokha, wootcha mapazi ngati phulusa la moto, ndipo tinkatsika n'kumakankha njinga. Madzi tinkapempha kwa amayi ofukula mumchengamo. Pa mtsinje uliwonse atate ankanena zomwezo, kuti kwawo mtsinje umakhala ndi madzi ndi mabwato, osati izi, ndiye tione bwino kumene tikuitanidwa.

Lole yonyamula feteleza inaima, dalaivala n'kunena kuti tikweze njinga, akupita komweko. Jordan anali atagwira kale chitseko. Atate anathokoza n'kukana. Lole itapita mwanayo analira mpaka kugona ali pa kaliyala, phazi lake n'kulowa m'masipoko. Khungu la chidendene linasupuka. Atate anam'manga ndi mpango wawo, koma sanabwerere.

Titafika, azimayi a pamudzi anatithamangira akulira maliro a amayi. Wina anabereka Jordan kumbuyo, wina anatsuka bala lija ndi madzi a mchere, ine anandipatsa thobwa lozizira. Palibe amene anakalipira atate. Amalume anangowapatsa mpando n'kufunsa mwaulemu ngati mabasi anasiya kuyenda.

Bala litayamba kuuma, anatiitana pansi pa mtengo wa mango. Amalume anayamba kufunsa Jordan ngati atsala kapena abwerera ndi atate. Iye anabisala kumbuyo kwa amayi amene anam'bereka aja, n'kunena kuti njinga sakweranso. Atate anagwada, munthu wamkulu, mphunzitsi, kulonjeza kuti pobwerera tikwera galimoto.

"Motoka ija munaikana, atata," anatero Jordan, osawayang'ana.

Kenako maso onse anabwera kwa ine. Ndinkafuna sukulu yanga, anzanga, nyumba imene munali fungo la amayi, ndinkafunanso atate. Koma mwana wamasiye wovulala phazi sindikanamusiya yekha kwa anthu amene anali atangowadziwa kumene.

"Goodness, na iwe?" anafunsa atate.

"Nikhala na mwana," ndinayankha.

Mkwiyo umene ndinali nawo tsiku limenelo sunathe mpaka lero. Amalume sanatilande. Atate anatipereka okha, n'kutuluka nazo thukuta.

M'mawa mwake atate anadzuka kukonza njinga yanga, poti anati aisiya. Anamata chubu, anapopa matayala, anathira mafuta pa tcheni. Pomaliza anamasula chishalo n'kuchikweza m'mwamba, moti nditayesa kukwera zala za kumapazi sizinafike pansi. Ndinawauza kuti achikweza kwambiri.

"Uzakula," anatero, akumanga chikwama chawo pa kaliyala.