Chithunzi cha Patsogolo pa Bokosi

Agogo NyaMhone a ku Zolozolo ankaopa zinthu zambiri, ndipo musawaseke, chifukwa zambiri mwa zinthuzo n'zoopsadi. Ankaopa mawaya a magetsi, njinga za kabaza zotsetsereka pamtunda kukugwa mvula, madzi a m'firiji, ndi munthu aliyense wopereka moni kawiri. Koma chimene ankachiopa koposa chinali kamera. Ndiye taonani tsoka lake: mdzukulu wawo Marjorie, amene anabwera naye kuchokera ku Nkhata Bay ali kumsana, anamaliza sukulu bwinobwino n'kusankha ntchito yojambula anthu.

Mwanayo ankazungulira Mzuzu yense kamera ili m'khosi. Anajambula amayi ogulitsa nthochi mumsika, anyamata a kabaza atausa mvula pakhonde la sitolo, mabanja a ku Salisbury Lines atavala nsalu yofanana kuyambira bambo mpaka khanda, ngakhalenso agogo a eni ake otola nkhuni ku Kaning'ina. Agogo ake okha ndiwo ankati akaona kamera, amadziphimba chitenje kumaso.

"Iwe, chithunzi cha munthu wamkulu chili ndi ntchito imodzi basi," ankatero. "Amachikulitsa, amachiika m'galasi, kenako wina amachinyamula patsogolo pa bokosi. Imfa ikafika pakhomo imayamba yafunsa ngati chithunzi chilipo. Ikapeza kulibe, imapita kwa aneba."

Zinthu zinasintha pa maliro a NyaKaunda, mnzawo wa mu Umanyano, gulu la amayi a kumpingo. NyaKaunda nawonso ankathawa kamera moyo wawo wonse. Atamwalira, ana anafufuza m'masutikesi, m'Baibulo, pansi pa matiresi, koma chithunzi osachipeza. Ndiye anatenga cha pa chiphaso cha unzika, n'kuchikulitsa, n'kuchisindikizanso pa pepala la mwambo wa maliro.

Mwe! NyaKaunda, mayi amene anatsogolera nyimbo zaka makumi atatu, anatuluka ngati munthu amene wagwidwa ndi nkhuku ya eni m'chitenje. Diso limodzi lotsinzina, kamwa ili yasa, chifukwa tsiku lojambulalo ankafunsa kuti ayang'ane kuti. Amayi a Umanyano anaimba atabisa nkhope kuseri kwa mapepala, mapewa akugwedezeka, ndipo si onse amene ankalira. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Kodi tikuika NyaKaunda kapena achimwene awo?"

Agogo NyaMhone sanaseke. Anazindikira zinthu ziwiri nthawi imodzi: imfa siisankha, imalandira ndi cha pa chiphaso chomwe, ndipo chiphaso, nawonso anali nacho.

Atafika kunyumba anamasula kampango kamene ankasungamo chiphasocho, n'kuchiyang'ana pawindo. Bola cha NyaKaunda. Tsiku lojambulitsa chiphasocho anawavulitsa duku, n'kuwauza kuti asamwetulire. Tsitsi linali litagonera mbali imodzi ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe, maso ali tong'o. Anali chimodzimodzi malemu amalume awo, msodzi wa usipa uja ankamenya anthu pa chikwati.

"Marjorie," anaitana, "kodi munthu atataya chiphaso m'chimbudzi mwangozi, chithunzi chake chimathera momwemo?"

"Cha ndani, agogo?"

"Ndangofunsa."

"Ngati ndi chanu, amalume Winston ali nacho m'foni. Anachijambula muja ankakuperekezani kuchipatala."

Winston, mwana wawo wamwamuna! Munthu amene pa maliro amathamangira zosindikiza mapepala anthu asanayambe n'kulira komwe. Agogo anakhala pansi pang'onopang'ono. Mafoni amenewa, inu, muzisamala nawo. Chimene chalowamo sichituluka.

Anapirira masiku atatu. Tsiku lachinayi, Marjorie akupukuta galasi la kamera yake pakhonde, agogo anakhala chapatali n'kuyamba kusankha nyemba zimene zinali zosankha kale.

"Pali mayi wina wa kumpingo akufuna kujambulitsa. Koma mwachinsinsi."

"Ali ndi zaka zingati mayiyo?"

"Zangati zanga zomwezi."

"Amakhala kuti?"

"Iwe ndiwe wapolisi?"

Marjorie analuma mlomo kuti asaseke. "Muwauze abwere Loweruka m'mawa. Mwina n'kuwabwereka yunifomu yanu ya Umanyano, poti msinkhu ndi umodzi."

Loweruka kunacha kutagwa mvula usiku wonse, monga amachitira Mzuzu. Agogo anakana kujambulitsa kumaso kwa nyumba, kuopa kuti aneba angayambe kusonkha nkhuni za pa maliro. Anasankha kuseri, pakati pa nthochi ndi ngalande imene imatsitsa madzi a mzere wonse wa nyumba za kumtunda. Anatuluka atavala bulauzi yoyera yositidwa kawiri, siketi yakuda, ndi duku loyera lomangidwa molimba mpaka nsidze kukwera. Za mayi wa kumpingo uja palibe anazitchulanso.

Anayamba ndi pemphero. Kenako malamulo. Kamoto kothwanima ka pa kamera kaja ayi, kamawotcha maso. Kuwerenga kuti wani, thu, firii ayi, munthu sawerengeredwa ngati mbuzi. Ndipo chithunzicho chisalowe m'foni ya Winston.

Anakhala pampando, manja pamaondo, khosi gwa. Marjorie anajambula, n'kuwaonetsa pakagalasi ka kuseri kwa kamera.

"Uyu ndi wa pa chiphaso yemwe uja," anatero agogo. "Wangovala duku."

"Mwaumitsa nkhope chomene, agogo. Tamwetulirani."

"Ndimwetulire chiyani? Ukujambula maliro anga."

"Ganizirani chinthu chosangalatsa."

Agogo anaganiza. Anaganiza za amuna awo, n'kukumbukira mmene ankaopera akawaona akukwera bwato. Anaganiza za Khirisimasi, n'kukumbukira minga ya nsomba imene ikanatha kuima mwana pakhosi. Nkhope inangoipiraipira. Marjorie anajambula zithunzi makumi awiri, ndipo chilichonse chinkaoneka ngati cha munthu amene akudikira jakisoni.

"Mwina ndayandikira kwambiri," anatero mwanayo. "Ndisunthe pang'ono, nthochi zilowemo." Anayamba kubwerera chafutambuyo, diso lili pakamera.

"Iwe, kumbuyoko kuli ngalande."

"Ndikuidziwa, agogo. Ndinakulira pano."

"Kukuterera."

"Dzutsani chibwano."

"Marjorie, ugwa."

Tsono apa mumvetse. Agogo NyaMhone anali atachenjeza anthu zaka zoposa makumi anayi. Anachenjeza Winston kuti njinga yamoto idzamuthyola mwendo. Mpaka lero akuyenda ndi miyendo iwiri, akunenepa. Anachenjeza aneba kuti mtengo wa mapeyala udzagwera denga. Mtengowo ukubereka chaka ndi chaka. Anachenjeza Marjorie za agalu, za mphezi, za anyamata ovala magalasi akuda. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinachitikapo. Munthu amatopa, inu, kunena zoona zokhazokha koma zosachitika.

Chidendene cha Marjorie chinaponda m'mphepete. Dothi linagumuka. Mwanayo anakweza kamera m'mwamba ndi manja onse awiri ngati akuombola khanda pamadzi, n'kukhala pansi kuti khwaphu, m'matope ofika m'chiuno.

Agogo anadzambatuka. "Wathyoka?"

"Ayi."

"Mutu?"

"Uli bwino. Koma nsapato imodzi yapita."

Agogo anamuyang'ana mdzukulu wawo, wamasukulu, wodziwika Mzuzu yense, atakhala m'ngalande khoko la nthochi lili paphewa. China chake chinayamba kuwakwera kuchokera m'mimba. Anayesa kuchibweza, chinakana.

"Ndinanena!" anakuwa, akuwomba m'manja. "Ndinanena ine! Sindinanene? Yewo, Ambuye, yewo chomene!"

Anaseka mpaka misozi, mpaka kugwira mpando, mpaka duku kusunthira kukhutu limodzi. Ndipo Marjorie, ali m'matope momwemo, anatsitsa kamera n'kudina.

Patapita masiku anayi anabwera nacho chosindikiza, chachikulu ngati kalendala. Agogo anapukuta manja, n'kuchilandira cham'mphepete. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Munali mayi wokongola, mano onse asanu ndi awiri ali poyera, maso akuwala, chala chikuloza ngati wapambana mlandu. Mayi woti amayi a Umanyano akamuona patsogolo pa bokosi, adzalira zenizeni.

Pomwepo anakumbukira za imfa ija. Chithunzi chinalipo tsopano, chabwino, chokonzeka. Chinali kungodikira woti adzachifunse pakhomo.

Anachitembenuza uku ndi uku, mpaka anapeza chimene ankafuna.

"Duku lapendekeka."

"Agogo, ndiye kukoma kwake kumeneko."

"Ayi." Anatembenukira kuwindo n'kukweza mawu, ngati akuuza wina amene waima panja. "Chithunzi ichi sichinathe! Wa Umanyano sangatsogole bokosi duku lili pakhutu! Pakhomo pano chithunzi kulibe! Mwina chaka chamawa!"

Anadikira pang'ono, akumvetsera. Panja panangodutsa wogulitsa makala. Ndiye anamukoka Marjorie mkono n'kumunong'oneza.

"Koma zikachitika mwadzidzidzi, ndi chomwechi, wamva? Usachiike m'galasi. Chilowetse pansi pa matiresi anga, chafufumimba. Ndipo Winston akadzabwera, umubwereke foni, cha pa chiphaso chija uchifufute."

"Ndamva, agogo."

"Chaka chamawa tidzajambulanso pamalo pomwe paja."

"Ine m'ngalande muja sindidzagweramonso."

Agogo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zatsopano.

"Udzagweramo," anatero mokhutira. "Sumamva iwe."