Nsomba Yofunda Bulangeti

Redson atabwerako ku Debeni, ku Joni kuja, anthu a pa Nsipe ankayembekezera kuona njinga yamoto, kaya malata. Koma mkuluyo anatsika basi atakumbatira chigubu ngati khanda, m'kati muli kansomba kamodzi. Anamusiyira ndi bwana wake posamuka, pamodzi ndi thanki yagalasi. Kumeneko amakatcha kamngelo: kumsana buluu, pamimba ngati lalanje lakupsa, thupi lonse bokosi la machesi.

Kuchepa kunali kwa thupi lokha, malamulo ake anali a bwana. Madzi a pa mjigo sikankawafuna mpaka asungunuliremo mchere, osatinso wa m'ndiwo, koma wakewake wobwera pa basi. Sola ya padenga inasiya kutchaja mafoni n'kuyamba kuyendetsa pampu ya thovu. Selestina, mkazi wake, anapirira zonsezi. Anapirira ngakhale kuletsedwa kupopera mankhwala a udzudzu. Koma mu Juni, chisanu chitayamba kuluma, Redson anatenga bulangeti lawo la paukwati n'kufunditsa thanki, anthu n'kufunda chitenje. Kutacha Selestina anakwera lole yopita kwawo ku Tsangano, atasiya mawu kwa aneba kuti nsombayo izimuphikira.

Redson anadya zopserera mpaka masaya kulowa. Atatuma ankhoswe, yankho linabwera lakuti a Fyson, malume a Selestina, abwera okha adzamuone mkazi wachiwiriyo. Akakhutira, mwana wawo atsala. Akapanda kukhutira, abwerera naye, osadzamuonanso.

Anafika Loweruka masana. A Fyson anali munthu wokumba golide ku Joni kale, mano atatsala owerengeka koma maso akuthwa. Selestina anakhala pakhomo, chikwama chili pamiyendo, osamasula.

Redson ankakhulupirira kuti palibe munthu angaone kansombako osakakonda. Ndiye moni atangotha, anakatunga m'botolo lalikulu, n'kukagwada nako pamaso pa mlendo, manja awiri, mutu wowerama. Anakhalitsa kunja mnyamatayu. Anaiwala kuti kwathu kuno chamoyo chimene wagwada nacho pamaso pa mlendo chimakhala kuti chatsanzika dziko.

A Fyson anavula chipewa, anasuzumira m'botolo, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, akamwini, taziona ndiwo. Ikhale yootcha, mafuta anandiletsa kuchipatala."

Redson akanena kuti si ndiwo, ndiye kuti waonetsa mlendo chakudya n'kumumana, banja lathera pomwepo. Anayesa kutsokomola, anayesa kutchula za minga, a Fyson anangoti minga ndi ntchito yawo.

Apo Selestina anadzuka. Anaika chikwama pansi, anamanga chitenje m'chiuno, nati akukoleza mbaula. Chikwatirireni Redson anali asanamuone akufulumira chonchi. Anabweranso ndi kampeni, n'kufunsa mwamuna wake mwaulemu wonse ngati athire mchere, kapena umene yakhala ikumwa uja wakwana.

Redson anayang'ana kansomba, kakuzungulira m'botolo kosadziwa kanthu. Anayang'ana mkazi wake, mpeni uli m'manja, nkhope ikuwala ngati tsiku la chinkhoswe. Anapereka botolo, nangopempha kuti akapalire kuseri kwa nyumba, iye asaone.

A Fyson anamulekerera Selestina mpaka pakhonde, kenako anamuitana abwerere. Anati kumigodi anadya zinthu zambiri zosadziwika maina, koma sanadetsepo mbale chifukwa cha kanthu koti kangasowere pakati pa mano awo awiriwa. Mlendo akapatsidwa mwanapiye, amatha kumusiya pakhomo pomwepo kuti akule kaye.

"Ndiye mumve, akamwini. Nsomba iyi tsopano ndi yanga, inu ndinu wongoweta. Chiweto changa sichifunda bulangeti anthu akunjenjemera. Ndikusiya mwana wangayu pano kuti azikuyang'anirani, ine ndizibwera mwezi ukatha kudzaona ngati yanona."

Redson anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti mtundu umenewu sukula, pamene yafikapo ndi pomwepo mpaka kufa. Selestina anamuponda chala, mwamphamvu ndithu. Mwamuna anatseka pakamwa.

Selestina anakhuthulira kansomba m'thanki ngati akutaya madzi otsukira mbale, analowetsa chikwama kuchipinda, n'kuuza mwamuna wake kuti asangoima ngati mtengo wa magetsi, mlendo ali ndi njala. Redson anathamangitsa tambala kuzungulira nkhokwe, anagwa kawiri, akuseka yekha.

Mpaka lero a Fyson sanaphonyepo mwezi. Amafika, amavula chipewa, amasuzumira m'galasi, amapukusa mutu kuti mbusa ndi waulesi, kenako amakhala pansi kudikira ndiwo zina. Kansomba kali momwemo. Khola la nkhuku ndi limene likuonda.