Mtima wa Mayi Nalini

Benedicta Nakhumwa anali atagwira ntchito kwa Mayi Nalini zaka zinayi pamene nkhani ya ulendo wa ku Nepal inayamba. Ankakhala awiriwiri pansanjika ya 34, m'nyumba ina yaitali ya ku Jumeirah Lake Towers, mumzinda wa Dubai. Mayi Nalini anali a ku Sri Lanka, a zaka 63, achipembedzo cha Chibuda. Amuna awo anali atamwalira chaka cha dzana, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Ishara, ankagwira ntchito ku Singapore n'kumaimba foni Lamlungu lililonse.

Atangokwatirana kumene, Mayi Nalini ndi amuna awowo anayendapo wapansi m'mapiri a ku Nepal masiku asanu, mpaka anakafika kunyumba ina ya amonke achibuda, imene kumeneko amaitcha gompa. Anapangana zodzabwererako akadzapuma pantchito, koma bamboyo imfa inawapeza tsikulo lisanafike. Tsopano mayiwa ankafuna kukayatsa nyali kumeneko m'dzina la malemuwo.

"Paja unati kwanu kuli phiri?" anafunsa Mayi Nalini tsiku lina, Benedicta akupukuta patebulo.

"Ee, madamu. Michesi, ku Phalombe. Tinkakatolako nkhuni."

"Ndiye tipitira limodzi. Anzanga onse mawondo anatha kalekale."

Anayamba kukonzekera mu Ogasiti. Kunja kunkatentha moti munthu sakanayenda ngakhale mphindi khumi, choncho ankakwera masitepe a nyumba yawo yomweyo. Sikisi koloko m'mawa ankatsika ndi lifti mpaka pansi, aliyense atabereka chikwama chokhala ndi mpunga ndi mabotolo a madzi, n'kuyamba kukwera. M'masitepemo munkanunkha fumbi ndi fodya wa alonda. Mayi Nalini ankatsogola, osalankhula, ndipo Benedicta ankawasirira kulimba kwawo.

Kutatsala masabata atatu kuti anyamuke, pansanjika ya 22, mayi aja anaima. Anagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe, kenaka n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Milomo yawo inali itatuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo ankasisita mkono wamanzere kuyambira paphewa. Benedicta anavula chikwama chake n'kugwada pambali pawo.

"Madamu, ndiimbe ambulansi?"

Anapukusa mutu. Anapisa m'thumba la buluku, natulutsa kabotolo, n'kuika kapiritsi kamodzi kunsi kwa lilime. Benedicta ndi amene ankachapa zovala zawo ndi kukonza m'chipinda mwawo, koma kabotolo kameneko anali asanakaonepo.

Patapita mphindi zingapo nkhope yawo inabwerera mwakale.

"Zayamba liti zimenezi?" anafunsa Benedicta.

"Si zachilendo. Dokotala akufuna kundiunika mtima, ndipo ndikudziwa zimene adzanene akandiunika. Ndidzapita tikabwerako." Anamugwira padzanja mwamphamvu. "Ishara asamve. Akamva, ulendo watha. Wandimva?"

"Ndamva, madamu."

Lamlungu lotsatira atatuluka m'tchalitchi, Benedicta anakwera sitima ya metro kupita ku Discovery Gardens kwa mnzake Husna, mtsikana wa ku Mangochi amene ankagulitsa m'sitolo ya mafuta onunkhiritsa. Anamufotokozera zonse ali kukhitchini, Husna akukazinga anyezi.

"Umuuze mwanayo basi, khalas," anatero Husna.

"Andichotsa ntchito. Visa yanga ili m'dzina lawo."

"Nanga akakakufera kuphiriko? Iwe wekhawekha ndi mtembo wa bwana, dziko la eni. Apolisi a kumeneko ukawauza chiyani, m'chilankhulo chanji?"

"Mwina palibe chichitike. Sabata yonseyi akwera bwinobwino."

Husna anazimitsa moto n'kumuyang'ana. "Inshallah. Koma achemwali, nkhope yanuyi si ya munthu amene akugona tulo."

Pobwerera mu metro, Benedicta analemba uthenga wopita kwa Ishara. Anauwerenga, n'kuufufuta. Anatero katatu masabata amenewo, ndipo tsiku la ulendo linakwana asanatumize kanthu.

Anatera ku Kathmandu kumayambiriro kwa Okutobala, n'kuyenda tsiku lathunthu pa jipi mpaka pamene msewu unathera. Kumeneko anakumana ndi wowatsogolera, bambo wamfupi wa zaka za m'ma 50 dzina lake Pasang, wobadwira m'mapiri momwemo. Asananyamuke, Pasang anatulutsa pepala.

"Alipo wa vuto la mtima, BP kapena mphumu? Kumwambaku mpweya ndi wochepa. Nthenda imene kunyumba imagona, kuno imadzuka."

"Palibe," anatero Mayi Nalini.

Pasang anatembenukira kwa Benedicta. Iye anawerama ngati akumanga chingwe cha jombo, n'kunena kuti nayenso alibe.

Masiku awiri oyamba njira inatsata mtsinje waukali wa madzi otuwa. Anadutsa midzi ya nyumba zamiyala, chimanga ndi tsabola zitayanikidwa pamadenga. Abulu ovala mabelu ankawapitirira atasenza matumba a simenti ndi mabotolo a gasi. Polowa m'mudzi uliwonse pankakhala khoma lalitali la miyala yolembedwa mapemphero, ndipo Pasang anawauza kuti azilidutsa likhale kudzanja lawo lamanja. Mayi Nalini ankaseka kuposa mmene Benedicta anawaonerapo. Ankaloza nyumba imene anagonamo ndi amuna awo zaka makumi atatu zapitazo, ngakhale Pasang ankati nyumba imeneyo yamangidwa posachedwapa.

Benedicta sankaona zambiri. Maso ake ankakhala pamsana pa madamu, pa mapewa, pa dzanja lamanzere. Akaima kuti ajambule chithunzi, iye mtima unkagunda mpaka atayambanso kuyenda. M'mawa uliwonse polongedza, ankasuzumira m'kabotolo kaja. Tsiku lachiwiri mapiritsi anali momwe analili. Tsiku lachitatu anali atachepa ndi awiri, ndipo iye sanaone nthawi imene anamwedwa.

Tsiku lachinayi mitengo inatha. Kunatsala miyala, udzu waufupi, ndi ng'ombe zaubweya wolendewera zotchedwa yaki. Kuzizira kwake kunkalowa mpaka m'mano. Benedicta mutu unayamba kumuwawa, ndipo akayenda pang'ono ankapuma wefuwefu ngati wathamanga. Madzulo alionse Pasang ankawapanitsa chala ndi kamakina koyeza mpweya m'magazi. Tsiku limenelo ka Benedicta kanaonetsa 88. Ka madamu kanaonetsa 79. Pasang anayezanso chala china.

"Mukumva bwanji, amayi?"

"Kutopa basi. Ndine nkhalamba, Pasang."

"Mawa tiyenda pang'onopang'ono," anatero Pasang. Anamuyang'ananso Benedicta, ndipo iye anatuluka kukatenga madzi otentha.

Kutacha, gompa ija inaonekera. Inali pamwamba pa thanthwe kutsidya kwa chigwa, makoma oyera, denga lofiira, tinsalu ta mapemphero tikuuluzika kuchokera padenga mpaka kumiyala. Pasang anati patsala maola atatu. Mayi Nalini phala sanalikhudze. Benedicta powaveka jombo anapeza mapazi atatupa moti zingwe sizinkakumana.

"Madamu, mapaziwa."

"Manga choncho. Yalla, tiye."

Anayenda osakwana ola limodzi. Pasang anali patsogolo ndithu, akufunsa mayi wina woweta yaki za mmene njira inalili kutsogoloko. Mayi Nalini anatsamira mwala, natulutsa kabotolo, n'kuika kapiritsi kunsi kwa lilime. Anadikira, n'kuyenda mapazi makumi awiri, n'kutsamiranso mwala wina. Benedicta anaona kapiritsi kachiwiri kakulowa m'kamwa. Milomo yawo inali itada ngati ya munthu amene wadya nthudza.

Sanaganizenso za visa. Anawapitirira madamu, akukwera mofulumira mmene mpweya unamulolera, mpaka anamugwira Pasang pamkono.

"Bambo Pasang, amayiwa ali ndi vuto la mtima. Anagwapo ku Dubai. Ali ndi mapiritsi oika kunsi kwa lilime, amwa awiri tsopano lino. Tinakunamizani."

Pasang sanamukalipire. Anatsika mothamanga, nagwada pamaso pa Mayi Nalini, n'kuwapempha kabotolo. Anawerenga zolembedwa pamenepo, nawapanitsa chala. Kamakina kanaonetsa 71.

"Tikubwerera. Pompano."

Mayi Nalini sanamuyang'ane Pasang. Anayang'ana Benedicta. "Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha."

"Pepani, madamu."

"Mukuiona ija?" Analoza gompa. "Ndafika. Ngakhale chokwawa ndikafika."

"Amayi, njira imeneyi ndayendamo zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero Pasang. "Anthu awiri ndinawatsitsa atakulungidwa m'bulangeti. Onsewo ankati atsala pang'ono. Inu sindikukwezani."

Anaimba foni kufunsa helikopita, koma anamuyankha kuti chigwa chatsekeka ndi mitambo, mwina mawa. Chotsala chinali kutsikira kumudzi umene anagona tsiku lachitatu, komwe kunali kachipatala kokhala ndi mpweya wa m'mabotolo. Pasang anathamangira kumudzi wapafupi kukabwereka hatchi, nawasiya awiriwo pamwalapo. Benedicta anavula jekete lake n'kuwafunditsa madamu. Iwo sanakane, sanathokozenso. Iye ankawerenga kupuma kwawo, akupemphera chamumtima mapemphero onse amene ankawadziwa, kenaka n'kuyambiranso.

Akudikira choncho, panatulukira mmonke wachikulire wovala nsalu zofiira ndi nsapato zothamangira, atabereka thumba la mbatata, akukwera. Anaima n'kufunsa m'Chingelezi chodukaduka ngati pali vuto. Mayi Nalini anamuuza, mawu akutuluka limodzilimodzi, kuti amapita kukayatsa nyali ya amuna awo ndipo sakafika. Mmonkeyo anatula thumba, natulutsa foni, n'kuwapempha kuti atchule dzinalo. Anatchula kawiri, iye akulemba, nawaonetsa kuti aone ngati walemba bwino. Anati akayatsa madzulo omwewo. Kenaka anasenza mbatata zake n'kupitiriza.

Kutsikako kunatenga maola asanu. Pasang ankakoka hatchi, Benedicta ankayenda pambali atagwira mwendo wa madamu kuti asagwe, mbali inayo kuli phompho. Kawiri konse mayi aja anawerama mpaka chipumi kugunda khosi la hatchi, ndipo Benedicta ankawaitana mpaka atayankha. Pamlatho wazingwe hatchi inkayenera kuwoloka yopanda munthu, choncho Pasang anawabereka kumsana. Mlatho unkagwedezeka, mtsinje ukusokosera pansi, ndipo Benedicta anawoloka akuyang'ana zidendene za Pasang zokha.

Kukachipatala kaja namwino anawaveka mpweya, nakhala nawo mpaka kunja kunacha. Mitambo itang'ambika cha m'ma 8 koloko, helikopita inabwera. Ku Kathmandu madokotala anapeza mitsempha iwiri ya mtima itatsala pang'ono kutsekeka, ndipo tsiku lomwelo anaikamo timachubu toitsegula.

Ishara anafika tsiku lotsatira, maso ali psuu. Atatuluka m'chipinda cha mayi ake anamupeza Benedicta pabenchi ya m'khonde, akadali ndi jombo kumapazi.

"Dokotala akuti mapiritsi aja anayamba kumwa kale. Iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kutatsala masabata atatu kuti tinyamuke."

"Ndipo Lamlungu lililonse unkandipatsa moni pafoni, n'kumati zonse zili bwino."

Ishara anaima pamenepo kanthawi, kenaka anabwerera m'chipinda n'kutseka chitseko. Mawu a awiriwo ankamveka m'chilankhulo chawo, a Ishara okwera, a mayi ake otsika. Benedicta anamva dzina lake likutchulidwa kangapo. Anaganiza za chipinda chake cha ku Dubai, ndi mmene katundu wake angakwanire m'masutikesi awiri.

Atatsegulanso chitseko, Ishara anati, "Akukufuna."

Mayi Nalini anali atatsamira mapilo, tizingwe tili pachifuwa. Anaoneka ochepa thupi kusiyana ndi mmene Benedicta ankawadziwira.

"Mwana wangayu akuti ndikuchotse chifukwa sunanene msanga," anatero. "Ine dzana ndinkafuna kukuchotsa chifukwa unanena. Sitikugwirizana, ndiye ukhala." Anatseka maso. "Koma ndikadali wokwiya nawe. Usaganize kuti zatha."

"Chabwino, madamu."

"Kagule sopo, usambe. Ukununkha hatchi."

Anabwerera ku Dubai patatha masiku khumi. Ishara anakhala nawo mwezi wathunthu, ndipo ponyamuka anamupatsa Benedicta nambala ina ya foni, ya kuntchito kwake, n'kumuuza kuti imeneyo imayankhidwa nthawi ina iliyonse. Mayi Nalini anatha pafupifupi miyezi iwiri akumulankhula za ntchito zokhazokha. Benedicta ankawaperekeza kuchipatala Lachiwiri lililonse, n'kumakhala pampando wa pakona dokotala akufunsa mafunso. Madamu akayankha mosakwanira, dokotalayo ankatembenukira kwa iye, ndipo iye ankanena zimene waona.